Kodi Mbiri ya Munthu Woipa Iyenera Kumvedwa?

Munthu woyenda madzulo m'misewu ya ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 23 amamva phokoso la mitundu yambiri. Pali la mawailesi a m'magolosale, pali la njinga zamoto za akabaza, ndiponso pali lina lochokera m'tizipinda ting'onoting'ono ta pafupi ndi msika. M'tizipinda timeneti muli benchi, wailesi yakanema, ndi makina otchedwa PlayStation. Anyamata amalipira ndalama pang'ono kuti asewere kwa mphindi zowerengeka, ndipo amene alibe ndalama amaimirira kumbuyo namaonerera. Masewero okondedwa kwambiri kumeneko ndi a mpira ndi a nkhonya, pakuti amatha msanga, wogonja napatsa mnzake malo.

Koma ulipo mtundu wina wa masewero umene sutha tsiku limodzi. Uli ngati nthano yaitali, kungoti wosewera samangomvera ayi. Iye amalowa m'malo mwa munthu mmodzi wa m'nthanomo, namuyendetsa mudzi ndi mudzi. Amalankhula ndi anthu, amagula zida ndi mankhwala, amamenya nkhondo, ndipo munthu ujayo amanka nakula mphamvu. Sewero limodzi lotere lingathe kudya maola 30 kapena 40. Ena amene ali ndi foni zamakono amasewera kunyumba usiku, anzawo atagona.

Makolo ambiri amaona zimenezi ngati kutaya nthawi, ndipo kawirikawiri sanama. Komabe m'sewero lina la mtundu umenewu muli funso limene oweruza milandu akhala akulimbana nalo kuyambira kalekale. Munthu akachita choipa chachikulu, kodi n'koyenera kumva mbiri yake, kumene anachokera ndi zimene zinamuchitikira? Kapena kodi kumva mbiriyo ndiko kuyamba kumukhululukira asanalape?

Fisi alibe mbiri

M'nthano za pamoto woipa amakhala Fisi. Palibe agogo amene anafotokozapo kuti Fisi ali mwana anali wotani, kapena kuti anayamba umbombo chifukwa kwawo anamumana chakudya. Fisi ndi Fisi basi. Akagwa m'mbuna ana amaseka, nakagona mtima uli m'malo. Nthano zotere zili ndi ntchito yake, chifukwa mwana wamng'ono ayenera kuyamba wadziwa kuti umbombo ndi woipa asanaphunzire zina zovuta. Chodabwitsa n'chakuti Kalulu nayenso ndi wabodza ndiponso wakuba. Anakana kukumba chitsime pamodzi ndi anzake, koma madzi ankamwa ndi kusamba omwe. Popeza wosimba nthano amaima kumbali ya Kalulu, ana samutcha mbala, amamutcha wochenjera. Mphamvu ya wosimba nkhani pa mitima ya omvera ndi yaikulu chotere.

Mmodzi wa alembi oyamba a Chichewa sanatsate njira ya Fisi. Iyeyu ndi Samuel Josiah Nthara, amene anali mphunzitsi pa Mishoni ya Nkhoma, m'boma lomweli la Lilongwe. Buku lake lotchedwa Nthondo linapambana mpikisano wa alembi a mu Africa m'chaka cha 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Nthondo anali mnyamata wakuba ndi wovuta, wa mtundu umene mudzi umatopa nawo. Koma Nthara anayamba nkhaniyo pa kubadwa kwake. Wowerenga amaona bambo wa mwanayo akumwalira, amaona mnyamatayo akuyamba kuba, amamutsata pa ulendo wake wa kum'mwera kokafuna ntchito, mpaka pamene anabwerera kwawo, nalongedwa ufumu, nasintha mtima. Wowerenga sangathe kudana ndi Nthondo monga adana ndi Fisi, pakuti anamuona ali kumsana kwa amayi ake. Ngakhale zili choncho, Nthara sanabise kuba kwake, ndiponso sanakutche dzina lina.

Mphukira ya nkhani

M'chaka cha 1997 kampani ya ku Japan yotchedwa Square inatulutsa sewero dzina lake Final Fantasy VII. Nkhani yake ndi ya dziko longopeka, lolamulidwa ndi kampani yaikulu yotchedwa Shinra. Kampaniyo imayamwa mphamvu ya moyo ya m'nthaka ndi kuisandutsa magetsi, ndipo ili ndi asilikali akeake. Mu mzinda wake waukulu, Midgar, olemera amakhala pamwamba pa denga lalikulu lachitsulo, pamene osauka amakhala pansi pake m'zisakasa, kosafika dzuwa. Wosewera amalowa m'malo mwa mnyamata wotchedwa Cloud.

Mdani wamkulu m'nkhaniyi ndi Sephiroth, munthu wamtali, wa tsitsi lalitali lotuwa ngati siliva, wonyamula lupanga lotalika kuposa munthu. Iye anatentha mudzi wa Nibelheim, kwawo kwa Cloud, ndipo mayi wa Cloud anafera momwemo. Pambuyo pake anabaya Aerith, mtsikana wogulitsa maluwa, alikupemphera. Cholinga chake chinali kugwetsa chimwala chochokera kumwamba kuti chivulaze dziko lonse, iye nasanduke mulungu. Sewero la 1997 linafotokozako za chiyambi chake, koma wosewera anamudziwa makamaka ngati mdani woyenera kuthamangitsidwa ndi kuphedwa.

Patapita zaka 10, mu 2007, kampani yomweyo, imene pa nthawiyo inali itayamba kutchedwa Square Enix, inatulutsa sewero lina, Crisis Core, losewera pa kamakina kogwira m'manja kotchedwa PSP. Linakonzedwanso mu 2022 kuti lilowe m'makina atsopano. Sewero lotere lili ngati mphukira yotuluka m'mbali mwa nthochi. Ili ndi moyo wakewake, koma muzu wake ndi womwewo. Mphukira imeneyi inabwerera m'mbuyo zaka 7, ku nthawi imene Nibelheim anali asanapse.

M'sewero lachiwirili wosewera ndi Zack, msilikali wachinyamata wa Shinra, ndipo Sephiroth ndi mkulu wake pa ntchito. Pa nthawi imeneyo Sephiroth sanali chigawenga. Anali ngwazi yotchuka m'dziko lonse, kotero kuti anyamata a m'midzi ankasiya kwawo kukalembetsa usilikali pofuna kufanana naye. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma anali ndi abwenzi awiri, Angeal ndi Genesis. Tsiku lina atatuwa alikuyesana mphamvu mocheza, Genesis anavulala, ndipo bala lake silinapole. Pamene panafunika magazi, Sephiroth anadzipereka, koma anauzidwa kuti magazi ake sangathandize. Chifukwa chake sanamuuze.

Kenaka Genesis anathawa usilikali, Angeal namutsata, pakuti onse awiri anadziwa kuti akatswiri a kampani anaseweretsa matupi awo asanabadwe. Kampani inalamula kuti asakidwe. Sephiroth anakana ntchito yokasaka mnzake. Angeal anafa, Genesis anasanduka mdani, ndipo ngwazi ija inatsala yokha. Isanapite ku Nibelheim, inauza Zack kuti mwina idzaisiya kampaniyo. Wosewera amene anaona kale sewero la 1997 amamva mawu amenewa mtima ukuwawa, chifukwa adziwa chimene chili kutsogolo, ndipo sangathe kuchiletsa.

Ku Nibelheim anatumidwa kukaona nyumba ya makina ya pamwamba pa phiri. M'menemo anapeza anthu otsekeredwa m'mabokosi achitsulo, amene akatswiri anawasandutsa zilombo. Anapezanso chitseko cholembedwa dzina lakuti Jenova. Limeneli ndilo dzina limene anamuuza kuyambira ali mwana kuti ndi la mayi wake, amene anati anamwalira pomubereka. Zoona zake zinali zina. Jenova sanali munthu. Chinali chinthu chochokera kunja kwa dziko, chimene chinakumbidwa m'nthaka chitagona zaka 2,000. Katswiri wina, Hojo, anatenga tizidutswa ta thupi la chinthucho ndi kutiika m'mimba mwa mayi woyembekezera, Lucrecia. Mwana wa m'mimbamo anali wa Hojo yemweyo. Atabadwa anamuchotsa kwa mayi wake asanamunyamule n'komwe, ndipo kampani inamulera ngati chida.

Apa pali chinthu choyenera kuchilingalira aliyense amene waphunzira kuwerenga. Sephiroth anatsikira m'chipinda cha mabuku cha pansi pa nyumba ya kampani m'mudzimo, nadzitsekera masiku angapo, akuwerenga zimene akatswiri analemba. Zack atabwera, iye anamubweza. Tsono mapepalawo anali olakwa. Olembawo ankaganiza kuti Jenova anali mmodzi wa mtundu wakale wa anthu amene anali eni dziko, pamene kunena zoona chinali chinthu chimene chinapulula mtundu umenewo. Motero Sephiroth anatuluka m'chipindamo akukhulupirira kuti iye ndiye wolowa nyumba wa eni dziko, ndi kuti anthu onse ndi olanda. Anayamba ndi mudzi umene unali pakhomo.

Kale munthu akamva nkhani yowawa ya kubadwa kwake amapita kwa amalume ake. Amalumewo amamukhazika pansi, nawonjezera zimene zinasiyidwa, nawongola zimene zinapotozedwa, ndipo poona nkhope ya mphwawo amadziwa polekezera tsiku limenelo. Pepala silichita zimenezi. Siliyankha funso, siliona misozi, ndipo likalakwa limalakwa ndi nkhope yomweyo imene limanenera zoona. Kuwerenga ndi chuma, koma munthu wowerenga yekha ali ndi chilonda mumtima amapeza m'buku chimene chilondacho chikufuna. Sephiroth analibe malume. Munthu amene ankadziwa zoona zonse anali bambo wake, ndipo anakhala chete.

Mawu a wobedwa

Tsono kodi anthu a ku Nibelheim anafa pang'ono chifukwa wowapha anali wamasiye? Pamenepa ndi pamene ambiri amakanira mbiri za oipa, ndipo kukana kwawo si kopusa. Mayi wa ku Chinsapo wogulitsa tomato, amene mbala zamuthyolera nyumba usiku ndi kutenga mpamba wake wonse, akauzidwa kuti wakubayo anakula movutika, angathe kuyankha kuti: "Nanenso ndinakula wopanda bambo, ndinagona ndi njala, koma sindinathyole nyumba ya munthu. Mbiri yakeyo indigulira ufa?" Palibe wanzeru amene angatsutse mayi ameneyu.

Chabwino cha Crisis Core n'chakuti mawu a mayiyu ali m'kati mwa nkhani yomweyo. Angeal naye anaseweretsedwa asanabadwe, naye anadziona ngati chilombo, koma sanatenthe mudzi. Zack anaona zoopsa zoposa. Nibelheim atapsa, Hojo anagwira Zack ndi Cloud nawatsekera zaka 4, akuwayesa mankhwala ngati makoswe. Zack atathawa sanabwezere pa anthu osalakwa. Ananyamula Cloud, amene sankatha kuyenda kapena kulankhula, namuyendetsa ulendo wautali, mpaka anafa akumuteteza kwa asilikali pafupi ndi Midgar. Kampani imodzi inalakwira anthu onsewa, koma mmodzi ananyamula mnzake, wina nayatsa moto. Mbiri ikufotokoza msewu umene unafikitsa Sephiroth pa mphambano, ndipo msewuwo anaulambula ndi ena. Kukhota pa mphambanopo kunali kwa iye mwini.

Komatu sewerolo lili ndi cholakwa chake, ndipo si chaching'ono. Sephiroth anajambulidwa wokongola, woyenda mwaulemu, ndipo akamatuluka pamalira nyimbo yochititsa nthumanzi. Anthu a ku Nibelheim amaoneka kanthawi kochepa, ndipo ambiri a iwo alibe ndi maina omwe. Wosewera amathera maola ambiri pafupi ndi wakupha, koma mphindi zochepa pafupi ndi ophedwa. Opanga masewero ndi amalonda, ndipo anaona kuti mdani ameneyu amagulitsa. Anamuika m'masewero ena ambiri, ndipo mu 2020 analowa ngakhale m'sewero la kampani ya Nintendo lotchedwa Super Smash Bros. Ultimate, mmene mwana angathe kumusankha kuti akhale munthu wake. Apa wosimba nkhani wachita zija za Kalulu. Waima kumbali ya wolakwa nthawi yaitali, mpaka omvera ayamba kumutcha wochenjera.

Chimene chinateteza osewera oyamba chinali dongosolo la nthawi. Iwo anayamba aona moto ndi imfa ya Aerith mu 1997, ndipo patapita zaka 10 ndi pamene anaona bwenzi lopereka magazi. Chisoni chinabwera mlandu utadziwika kale, choncho sichinathe kuufafaniza. Mnyamata wa lero amene ayamba ndi mphukira, osauona mtengo, angathe kutsala ndi chisoni chokha, ndiponso kusirira lupanga.

Pamene mfuu yamveka

M'makomboni a Lilongwe funso limeneli silikhala pa wailesi yakanema. Pa msika pakamveka mfuu yakuti "Wakuba!" anthu amasiya malonda nathamanga. Amene wagwidwa amamenyedwa ndi anthu amene sanaone chimene waba, ndipo nthawi zina apolisi amafika munthu atatha kale, kapena atatenthedwa. M'chaka cha 2016 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inadandaula poyera za kuchuluka kwa imfa zotere m'Malawi. Ochita zimenezi si zilombo ayi. Ambiri ndi anthu otopa, amene anabedwapo kawiri kapena katatu, ndipo amati wakuba akaperekedwa ku polisi mawa lake amamuonanso pamsewu. Mkwiyo wawo uli ndi mbiri yake, monganso wa Sephiroth. Koma pa mphindi imeneyo gulu limasandutsa munthu kukhala Fisi, wopanda mayi, wopanda kwawo, wopanda dzina. Nthawi zina limapha ndi wosalakwa yemwe, amene anangothamanga chifukwa cha mantha.

Gulu likapha munthu chotere limakwirira funso lina limene mbiri yokha ingathe kuyankha. M'sewero lija, amene angoona Sephiroth ngati chilombo sangamudziwe Hojo, ndiponso sangaidziwe kampani imene inalipira ntchito yonseyo. Ku Mgona kapena ku Area 25 mnyamata wolanda foni sadya foniyo. Alipo woigula, amene ali ndi benchi yake pamsika ndipo amapatsidwa moni waulemu. Alipo wogula njinga yamoto yolandidwa kwa wakabaza ndi kuiphwasula kuti agulitse zitsulo zake. Alipo wamkulu amene amatuma ana kulowa pawindo chifukwa matupi awo ndi ochepa. Malamulo a dziko lino amati wolandira katundu wakuba akudziwa kuti ndi wakuba ali ndi mlandu. Koma mboni yoyamba pa mlandu umenewo ndi wakuba yemweyo, ndipo gulu likamutseka pakamwa, wogula uja amagona tulo tabwino, mawa lake napeza mnyamata wina. Mayi wa tomato uja sanapindule kanthu, pakuti nyumba yake idzathyoledwanso.

Chimene bwalo linagamula

M'chaka chomwecho cha 2007, pamene ku Japan ankatulutsa mbiri ya mdani wopeka, Bwalo Lalikulu la Milandu la Malawi linagamula nkhani ya anthu enieni. Kufikira nthawi imeneyo lamulo linkati aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha aweruzidwe kuti aphedwe. Woweruza analibe mphamvu yosiyanitsa munthu amene anapangana za kupha kwa mwezi wathunthu ndi munthu amene anakantha mnzake kamodzi pa ndewu ya pamowa. Zaka za wolakwa, matenda ake, ndi moyo wake wonse, zinalibe malo m'bwalo. Pa mlandu wodziwika ndi dzina la Kafantayeni, oweruza anati lamulo lokakamiza chotere likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulocho sichinachotse chilango cha imfa. Chinangonena kuti munthu ayenera kumvedwa chilango chake chisanaperekedwe.

Panapita zaka zambiri chigamulocho chisanafike kwa akaidi amene anaweruzidwa kale ndi lamulo lakalelo. Ntchito yomvanso nkhani zawo inayamba mu 2015, motsogozedwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Othandiza pa za malamulo a bungwe la PASI anayenda m'midzi ya akaidiwo. Anakhala pansi ndi mafumu, ndi abale a mkaidi, ndiponso ndi abale a wophedwa, nafunsa kuti munthuyu ali mwana anali wotani, anadwalapo chiyani, ndipo mudzi ungamulandire kapena ayi. Kunapezeka kuti ena anali odwala misala, ndipo ena anali ana pa nthawi imene anapalamula. Oweruza anamva zonsezi, napereka zilango zatsopano. Oposa 100 anatuluka m'ndende, popeza zaka zimene anakhalamo zinaoneka kuti zakwana. Ena anatsalamo, chifukwa mbiri yawo itamvedwa, mlandu wawo unalemerabe.

Dongosolo la bwalo ndi lomwe lija linateteza osewera oyamba. Funso loyamba ndi lakuti, kodi anachitadi? Pa funso limeneli ubwana wa munthu sulowapo, ndipo wophedwa amatchulidwa dzina. Likayankhidwa, ndi pamene pamabwera lachiwiri, lakuti anafika bwanji pamenepa, ndipo chomuyenera n'chiyani. Wofunsa lachiwiri lokha amanyoza wophedwa. Wofunsa loyamba lokha amapereka chilango chimodzi kwa wamisala ndi kwa wochenjera, kwa mwana wotumidwa ndi kwa wamkulu womutuma. Akale ankati mlandu suola, ndipo ankanena zoona. Koma pabwalo la mfumu ankafunsanso kuti wolakwayo ndi mwana wa yani, nayitana nkhoswe zake, chifukwa ankadziwa kuti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Anthu otuluka m'ndende aja anabwerera kumene mlandu unachitikira. M'midzi ina banja la wophedwa ndi banja la wakupha amatunga madzi pa mjigo umodzi. Palibe chigamulo cha bwalo chimene chingalamule mayi woferedwa kuti apereke moni, ndipo ngati sapereka, palibe amene ayenera kumudzudzula. Nthondo wa m'buku anasintha nalandiridwa, ndipo wowerenga amatseka buku ali wokondwa. Kunja kwa buku kusintha kwa munthu kumatenga zaka kuti kukhulupiriridwe, ndipo amene anabedwa kapena kuferedwa ndiye amalipira mtengo wa kudikirako.

Pali vuto lina limene ndi la m'tauni mokha. Ofufuza a 2015 ankapeza mfumu kapena agogo amene anamuona mkaidi akukwawa, amene ankakumbukira chaka chimene bambo wake anamwalira ndi tsiku limene anayamba kulankhula yekha. Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kuyambira pamenepo makomboni ake adzaza ndi anthu ochokera m'maboma onse. Ambiri ndi alendi. Lendi ikakwera amasamuka, kuchoka ku Kawale kupita ku Chinsapo, kuchoka ku Area 25 kupita ku Mgona. Mafumu a m'tauni ndi atsogoleri a mabuloko alipo, ndipo amagwira ntchito yaikulu pa maliro ndi pa milandu ya malire, koma sangathe kudziwa ubwana wa munthu amene anafika chaka chatha ndi chikwama chimodzi. Mnyamata wa kumeneko akalowa ku ndende ya Maula, wofufuza angathe kuyenda nyumba ndi nyumba osapeza munthu woti anene kuti anamuona ali mwana. Eni nyumba amakumbukira ngati ankalipira lendi pa nthawi yake. Anzake a m'kachipinda ka masewero amakumbukira timu imene ankakonda kusankha, ndi kuti masiku ena ankaimirira kumbuyo chifukwa analibe ndalama.